Moving coil iyembekeze, coyamba tiphunzile kuika nsingano

Mbale za galamafoni zayambanso kutuluka m'masutukesi a makolo athu. Acinyamata akufunafuna WITCH, Ngozi Family na Amanaz, nyimbo za Zamrock za m'ma 1970, nthawi imene Teal Record Company inali kudinda mbale ku Ndola. Mukangopeza imodzi, a pa intaneti amakuuzani kuti mugule katiliji ya moving coil. Ise amene timagwila mawaya pa wailesi tikuti musathamange.

Katiliji ni kabokosi ka kumapeto kwa mkono wa galamafoni, kamene kamanyamula nsingano. Mu moving magnet, nsingano ikamayenda m'mizele ya mbale imagwedeza kamaginito. Mu moving coil imagwedeza tumakoilo twa waya, maginito ali cikhalile. Tumakoilo n'topepuka, conco nsingano imatsatila mizele mosavuta ndipo mau amamveka bwino. Izi sititsutsa.

Koma tumakoilo tung'onotung'ono tumatulutsa magetsi ocepa. Denon DL-103, imene inapangidwa kuti izigwila nchito pa wailesi ya NHK ku Japan, imatulutsa 0.3 mV cabe. Audio-Technica AT-VM95E, ya moving magnet, imatulutsa 4 mV. Polowetsela phono pa maampulifaya ambili a m'nyumba zathu panapangidwila moving magnet. Mukalumikizapo moving coil, nyimbo zimamveka ngati zicokela kwa aneba, mpaka mutagulanso phono ya MC kapena thilansifoma yokweza mphamvu. Ndipo nsingano ikathyoka? Ya AT-VM95E mumangosolola n'kuikapo ina. Ya DL-103 simungaicotse na manja, katiliji yonse iyenela kupita kwa akatswili kunja kwa dziko.

Cimene cimapulumutsa mbale ni kaikidwe ka nsingano, kaya katiliji ni yodula kapena yochipa. Galamafoni ikhale pamalo osapendekeka. Kulemela kwa nsingano kukhale kumene opanga analemba: magalamu 2.5 pa DL-103, magalamu 2 pa AT-VM95E, ndipo muyese na kasikelo, osati na maso. Sindikizani pepala la protractor kuti katiliji iongoke bwino pa mizele. Anti-skate muiike pa nambala yofanana na kulemela kwa nsingano. DL-103 imafunanso mkono wolemela, pa mkono wopepuka mau a pansi amacepa.

Cizolowezi coika kakobili pamwamba pa katiliji kuti nyimbo isadumphe tisiye, cifukwa cimapala mizele. Kupepukitsa kwambili nakonso kumaononga: nsingano imanjanja n'kumamenya m'mbali mwa mzele. Mbale ikadumpha, yambani mwaitsuka na kuona ngati nsingano yatha.

Katiliji mukhoza kugula ina caka camawa. Mbale ya Lazy Bones!! ya mu 1975 ikapalika, Ndola sidzakudindilani ina. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles inadindanso nyimbo zambili za Zamrock, ndipo zimenezo n'zimene tingalize tsiku na tsiku, zakale zija n'kuzisunga.

Yambani na moving magnet, muphunzilile pa mbale imene simungaililile. Manja akazolowela, phono ya MC ilipo, mkono ni woyenela, pamenepo gulani moving coil ndipo mutiitane tidzamvetsele limodzi.