Dzanja la apongozi likunjenjemera

Anamwino,
Apongozi anga aakazi kuno ku Migowi dzanja lawo limanjenjemera akangokhala, koma akagwira mthiko limaleka. Amuna anga akuti ndi zaufiti, ana asamadyenso nsima yawo. Nditani?
Mayi wodandaula, Phalombe

Mwananga,
Apa palibe ufiti. Mkono uli ndi minofu yokokerana, wina wopinda, wina wowongola, ndipo ubongo ndiwo umailamula. Uthengawo ukasokonekera, minofuyi imakoka mosinthanasinthana, ka 4 mpaka ka 6 pa sekondi, dzanja n'kumagwedera.

Kunjenjemera kobwera munthu ali chikhalire, n'kuchepa akagwira ntchito, kawirikawiri ndi matenda a Parkinson, omwe dokotala James Parkinson wa ku London adawafotokoza mu 1817. Sapatsirana, nsimayo ana adye. Kukadabwera ponyamula kapu, tikadaganizira zakumtundu, mowa, chithokomiro kapena mankhwala a mphumu.

Pitani nawo ku Holy Family kapena kuchipatala cha boma akawapime. Mankhwala ochepetsa kunjenjemerako alipo, ngakhale sachiziratu. Kapu musamawadzazire, ndipo aziigwira ndi manja awiri.

Bambowo akumbutseni kuti dzanja akulithawalo ndi lomwe lidawadyetsa phala.