Ofatsa ndi Achangu m'Kongeresi: Wantchito Aphunzirepo Chiyani?

Abale anga apantchito, inu a m'migodi, m'mapulazi a fodya ndi m'mafakitale, ndi inunso ana a machona okhala ku St Mary's, Zengeza ndi Seke kuno ku Chitungwiza, tamverani!

M'chipani chilichonse muli ofatsa amene amati tilowe m'kati tikakonze pang'onopang'ono, ndi achangu amene amati tikane lero lomwe. Mkangano umenewu ndiwo unang'amba Nyasaland African Congress.

Chitaganya chitayamba mu 1953, Nyumba ya Malamulo ya ku Salisbury inali ndi mipando 35. Anthu akuda anapatsidwa 6 yokha, ndipo iwiri inali ya Nyasaland. A Manoah Chirwa ndi a Clement Kumbikano anakhalapo, nati adzalimbana ndi Chitaganya ali m'kati. Kodi analimbana nacho bwanji? Iwo ali kulankhula m'Nyumbamo, wantchito anali kuyendabe ndi chitupa m'thumba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mipando ija inangothandiza Azungu kuuza London kuti akuda avomera.

Achinyamata anaziona zimenezi. A Dunduzu Chisiza, ali kuno ku Halale, anathandiza kuyambitsa City Youth League mu 1955. Mu 1956 antchito a m'lokeshoni imene lero ndi Mbare anakana kukwera mabasi chifukwa cha mtengo, ndipo Boma linawapirikitsa a Chisiza kubwerera kwawo. Kumudziko a Masauko Chipembere ndi a Kanyama Chiume anaumirira kuti awiri aja atule mipando. Atakana, Kongeresi inawachotsa mu 1957. Chitaganya chinafa pa 31 December 1963, ndipo amene anachipha ndi aja anadzaza ndende za Gwelo, Khami ndi Kanjedza mu 1959.

Koma achangu nawo anadzitchera msampha. Mu 1958 ku Nkhata Bay anavomera kuti Dr Banda azisankha yekha akuluakulu onse a chipani. Mu September 1964, nduna zitadandaula za tiki yolipira kuchipatala ndi za malipiro a antchito a Boma, mpeni womwewo unawacheka. A Chiume anachotsedwa, a Chipembere anatula udindo, pambuyo pake onse awiri anathawa m'dziko. Pofika 1966 m'Malawi munatsala chipani chimodzi, ndipo wantchito analibenso pokadandaula.

Tsono inu abale, kaya ndi m'chipani kaya ndi m'bungwe la antchito, wofatsa akabwera ndi mawu okoma mumfunse kuti: chikhalire pampando, mwatibweretsera chiyani? Akasowa yankho mumchotse ndi voti. Koma votiyo musaipereke m'manja mwa munthu mmodzi, angakhale akhale wa mbali yanu, angakhale alankhule moto. Tsiku limene mudzatsutsane naye pa malipiro anu, mudzaifuna voti imeneyo.