Chinangwa Nchakudya cha Nsomba za M'maiŵe

Alimi ambiri m'Malaŵi muno amaŵeta nsomba m'maiŵe okumba okha. Nsomba zimene amakonda kuŵeta ndizo makumba ndi chilunguni, abale ake a chambo. Ku Domasi, m'boma la Zomba, kuli malo a boma kumene akatswiri amafufuza za kaŵetedwe ka nsombazi. Komabe mlimi aliyense akakumba dziŵe amasauka ndi funso limodzi: kodi nsombazo azizidyetsa chiyani?

Ambiri amawaza madeya a chimanga. Madeya ngabwino ndithu, koma chimanga chimadalira mvula. M'chaka cha 2024 kunagwa chilala, ndipo boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi ya njala. Chaka chotero madeya amakwera mtengo, ndipo mabanja ena amaphika nsima ya madeya omwewo. Pamenepo nsomba zimasoŵa chakudya, sizikulanso.

Nchifukwa chake nkoyenera kuti alimi a nsomba aziganizirako za chinangwa. Mbewu imeneyi imapirira chilala, imabereka ngakhale pa dothi lamchenga, ndiponso imatha kukhala m'nthaka miyezi yambiri kudikira mwini wake. Anthu a ku Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Karonga amaidziŵa bwino popeza nsima yao ndi ya kondowole. Ufa wa chinangwa umapatsa nsomba mphamvu monga umachitira ufa wa chimanga. Ukaphikidwa umamata, motero timibulu ta chakudya sitisungunuka msanga m'madzi. Sikuti nsomba zilande anthu chakudya ayi. Tizidutswa ting'onoting'ono totsala pokonza kondowole ntokwanira kuyambirapo.

Ena amatsutsa, amati chinangwa choŵaŵa chili ndi ululu. Zimenezi nzoona. Ululuwo ungathe kudwalitsa munthu, ndipo nsomba ungaziphe. Koma amayi a kunyanja anadziŵa kale kauchotsedwe kake. Amasenda chinangwa, nachiviika m'madzi masiku angapo mpaka chitafeŵa, kenaka nkuchiyanika padzuŵa kuti chiume gwa, nkusinja. Mlimi wa nsomba atsate njira yomweyo, ndipo madzi oviikamo asawathire m'dziŵe.

Enanso amati nsomba zodya chinangwa sizinenepa. Naonso sakunama, pakuti mu ufa wa chinangwa zakudya zokulitsa thupi nzochepa kwambiri. Tsono paja akuluakulu amati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Mlimi asakanize ufawo ndi soya wokazinga ndi kupera, kapena zinyenyeswa za usipa. Masamba a chinangwa, amene timadya ngati chigwada, nawo ngokulitsa thupi. Akawaumitsa bwino nkuwasinja, angathe kuwathiramo.

Chambo chinachepa kwambiri m'nyanja ya Malombe chifukwa chopha mopyola muyeso, koma ana akufunabe nsomba kuti akule ndi thanzi. Ndiwo zimenezi zingachokere m'maiŵe ngati nsombazo zikudya chaka chonse. Choncho mlimi wanzeru, pokumba dziŵe, abzalenso mizere ingapo ya chinangwa pafupi pake.

Mafunso

1. Tchulani nsomba ziŵiri zimene alimi amaŵeta m'maiŵe.
2. Kodi nchifukwa chiyani madeya amasoŵa chaka cha chilala?
3. Fotokozani mmene amachotsera ululu m'chinangwa choŵaŵa.
4. Kodi mwambi woti "chala chimodzi sichiswa nsabwe" ukutiphunzitsa chiyani m'nkhaniyi?