Matope a ku Thane Creek: asiyidwe kapena akumbidwe?

Madzi a m'nyanja akaphwera ku Thane Creek, kum'mawa kwa mzinda wa Mumbai ku India, pamatsala chidambo cha matope akuda bii, onunkha ngati dzira lowola. Mizu ya mitengo ya mangrove imasuzumira m'matopemo itaima njo ngati mapensulo, nkhanu zili yakaliyakali pakati pake. Kutsidya kuli mafakitale a Thane-Belapur, amene madzi awo oipa akhala akuthera m'khwawali kwa zaka zambiri. Zitsulo za m'madzi oipawo, monga mtovu, cadmium, chromium ndi mercury, siziwola. Zimangomira n'kukhazikika pansi.

Ena amati matopewo asakhudzidwe, ndipo mfundo yawo ndi yomveka. Fungo la dzira lija ndi la sulphide, amene amapangika m'matope mopanda mpweya. Iyeyo ndiye amagwira zitsulozi n'kuzimanga kuti zisasungunuke m'madzi. Mitengo ya Avicennia marina, yomwe ndi yochuluka kumeneko, imasunga zambiri mwa zitsulozi m'mizu, zokwera m'masamba n'zochepa. Mukafukula matopewo n'kuwaonetsa kumphepo amasanduka a asidi, ndipo poizoni amene anagona amadzuka n'kulowa m'madzi. Nanga matope ofukulawo mukawataya kwa yani?

Pamenepo onjezerani za mitengoyo. Pa 26 July 2005 ku Mumbai kunagwa mvula yokwana mamilimita 944 m'maola 24, anthu mazanamazana n'kufa, ndipo ambiri anazindikira kufunika kwa madambo amene anakwiriridwa pomanga nyumba. Chaka chomwecho khoti lalikulu la ku Mumbai linaletsa kuwononga mangrove. Mu 2015 mbali ya khwawali inakhala malo otetezedwa a mbalame za flamingo, ndipo mu 2022 linalowa m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse.

Koma asodzi a mtundu wa Koli, eni gombe kuyambira kale, amadya ndi kugulitsa zochokera m'matope omwewo. Nkhanu ndi nkhono zimagona momwemo, zimadya momwemo. Cadmium amawononga impso, mtovu umalemaza ubongo wa mwana. Chimene chimandisowetsa mtendere kwambiri ndi mercury. Matope opanda mpweya aja, amene amamanga zitsulo zina, ndi momwenso tizilombo tosaoneka ndi maso timasandutsira mercury kukhala methylmercury, poizoni wounjikana m'nsomba amene anapha ndi kulumalitsa anthu ku Minamata ku Japan. Komanso kunena kuti matope agone n'kosavuta pakamwa pokha. Mvula ya monsoon imawavundula chaka ndi chaka, ndipo zipilala za mlatho wa Atal Setu, umene umayambira ku Sewri mu Mumbai ndipo unatsegulidwa mu 2024, zinakhomedwa m'matope momwe flamingo zimadyera.

Ine ndimapendekera kwa okana kufukula khwawa lonse, chifukwa kutero n'kuwononga nkhalango ndi kumwaza poizoni nthawi imodzi. Kukamwa kwa ngalande za mafakitale kokha, kumene zitsulo zaunjikana kwambiri, ndingavomere kuti akumbe mosamala. Chimene ndimakana ndi kutenga mitengoyi ngati sefa yaulere, eni mafakitale n'kumati chilengedwe chikutsuka chokha. Matope ali ndi malire a zimene angasunge. Ndipo mayi wa Chikoli wonyamula dengu la nkhanu kupita kumsika alibe chomuuza kuti nkhanu ya lero yachokera pamatope otani, poti yapoizoni ndi yabwino zimaoneka chimodzimodzi.