Gogodera si dzina lotukwanira

Loweruka lapitali ndinali pamsika wa Nkhamenya, m'mbali mwa msewu wa M1, kudikira kuti andimatire tayala. Kunafika mkulu wina akukankha njinga yakalekale, ya mabuleki a ndodo, chishalo chomanga ndi mphira. Mnyamata wa kabaza anafuula: "Agogo, gogodera ameneyu mukataye!" Anzake anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Mawuwa andikhala pamtima sabata yonse. Njingayo ndilibe nayo kanthu. Chandiwawa n'chakuti ana athu asandutsa gogodera dzina la chilichonse chakutha, pamene sanamugwirepo n'komwe.

Amene munamuona pafupi mukundimvetsa. Ndi mfuti yothira onga kukamwa, n'kutsendera ndi ndodo yachitsulo, chipolopolo pambuyo. Thunthu lake aliyense wosema mipini akhoza kusema. Luso lenileni lili pa kachitsulo kaja kokoka ndi chala. Kamayenera kugwira nyundo imene sipuling'i ikuikankha mwamphamvu, n'kuisiya pokhapokha chala chikalamula. Kakalimbitsa, mlenje amakoka mpaka mfuti kugwedezeka, nyama n'kupita. Kakafewetsa, mfuti imalira yokha ili paphewa, m'mudzi n'kugwa maliro. Malemu amalume anga, amene ankasula makasu ndi nkhwangwa, ankati mfuti yobwera kudzakonzedwa inkawadyera masiku atatu pa kachitsulo kameneka kokha: kupala ndi tupa, kuyesa, kumvetsera kulira kwake, kupalanso. Analibe pepala lowauza muyeso. Muyeso unali m'khutu ndi m'chala.

Ku America anthu amagula zidutswa za mfuti yamtunduwu m'bokosi, n'kumalumikiza Lamlungu masana ngati chosangalatsa, ndipo m'madera ambiri muli nyengo yakeyake yosakira ndi mfuti zothira kukamwa. Iwo amazitcha mbiri ya makolo awo. Ife timatcha njinga yophwasuka.

Nanga Kasungu akanakhala Kasungu popanda mfuti zimenezi? David Livingstone atafika kwa Mwase mu 1863 anapeza mfumu ili panjira ya malonda a minyanga yopita kwa Jumbe ku Nkhotakota, ndipo njira yomweyo ndi imene inkabweretsa mfuti ndi onga. Angoni amene anagonjetsa midzi yambiri ndi nthungo ndi zishango anakumana ndi mfutizo kwa Mwase, nabwerera. Mwase sanagonje mpaka mu 1895 pamene asilikali a Azungu anadzamugonjetsa. Sindikubisa kuti panjira yomweyo pankadutsanso akapolo. Mbiri imeneyi ili ndi magazi, ndipo n'chifukwa chake iyenera kuphunzitsidwa, osati kusekedwa pamsika. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Wina asandimve molakwa. Sindikuuza munthu kuti akasule mfuti kuseri kwa chigafa. Tonse tikudziwa zimene opha nyama mozemba anachita m'nkhalango ya Kasungu: njovu zimene zinkapitirira 1,000 m'zaka za m'ma 1970 zinatsala pafupifupi 50 pofika 2015, mpaka mu 2022 anachita kubweretsa zina 263 kuchokera ku Liwonde. Lamulo la nyama zakutchire limene anakhwimitsa mu 2017 limafika zaka 30 m'ndende, ndipo mfuti yopanda chilolezo ndi mlandu pawokha. Gogodera wa lero, wopangidwa ndi paipi wamba, amaphulikira mwini wake kumaso, komanso amasiya njovu yovulala ikulusa m'minda ya anthu. Ameneyu achotsedwe m'midzi, palibe wotsutsa.

Koma mfuti ikalandidwa, manja amene anaisula amapita kuti? Apa ndiye pagona dandaulo langa lakale. Munthu wodziwa kuumitsa sipuling'i pamoto wa makala ndi mvukuto ndi yemwe tikumusowa nyengo ya fodya ikafika. Jeke wodindira mabelo akathyoka, mlimi amabwereka kwa mnzake pamtengo wokwera. Ngolo ikaguluka gudumu imagona pabwalo mpaka mvula. Mjigo ukafa, amayi amabwerera kudambo kudikira mmisiri wochokera kuboma. Osula aja akutha mmodzimmodzi, ndipo palibe amene wawaitana kuti akhale pansi ndi anyamata owotcherera mageti, awaonetse mmene chitsulo chimasinthira mtundu chikapsa bwino. Ndikufunanso gogodera mmodzi wakale, wotsekedwa kukamwa kuti asawombenso, aikidwe poonekera paboma la Kasungu, ana asukulu azimuona ndi kumva za Mwase.

Mkulu uja sanayankhe anyamatawo. Anatulutsa pulayala m'thumba, nakhotetsa kawaya, namangitsa buleki yake yekha, osapempha sipanala kwa munthu. Kenako anakweza thumba la feteleza pakaliyala, nalowera njira ya kwa Kaluluma.