Bolodi ili likuyankhula zilankhulo ziwiri zokha

Anzanga, tayang'anani mapepala onse amene amatidwa pano. Ndakatulo za Chingerezi zilipo, nkhani za mpira m'Chichewa zilipo, nthabwala za a Fomu 2 nazo mbwee. Nanga Chisena chili pati? Chimang'anja cha agogo athu chili pati? Chonsecho belu la buleki likangolira, ambiri a ife timacheza m'zilankhulo zomwezi.

Ine pempho langa kwa akonzi ndi limodzi: atipatse kona, pepala limodzi basi pa sabata, la nthano, miyambi, zilapi ndi ndakatulo za kwathu kuno.

Ndikudziwa zimene ena munene: "Chisena sichibwera pa MSCE, ndipo ukalakwa Chingerezi satifiketi palibe." N'zoona, nanenso Chingerezicho ndikulimbana nacho usiku ndi tochi. Koma tandiuzani, ndani analakwa mayeso chifukwa cholemba mwambi umodzi wa agogo ake? Vuto lenileni ndi manyazi. Tikakwera minibasi ya ku Blantyre, kungodutsa pa Thabwa n'kuyamba zitunda, lilime lasintha kale. "Takhuta" wasanduka "zikomo", kuopa kuti wina aseka n'kufunsa kuti tadya chiyani.

Manyaziwa sitinabadwe nawo. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko lonse, ndipo zilankhulo zina zinasowa malo m'kalasi ndi pa wailesi ya MBC. Nkhani za m'Chisena zinadzayamba kumveka pa MBC m'zaka za m'ma 1990, ulamuliro wa zipani zambiri utabwera. Makolo athu anakula akuona ngati chilankhulo chawo n'cha kudimba ndi kumsika wa nsomba kokha. Malemu Joseph Tembo sanazivomere zimenezo. Anaimba m'Chisena, ndipo "Dimingu" anavinidwa ngakhale ndi anthu osamva liwu ndi limodzi lomwe.

Koma chimene chikundifulumizitsa ine ndi madzi. Kusefukira kwa mu 2015, kenako Freddy mu 2023, kunamwaza midzi. Anthu a madera ngati Makhanga anakakhala m'makampu, ena anasamukira kumtunda. Nthano imafuna bwalo, madzulo, ndi agogo amene adzukulu ali nawo pafupi. Mudzi ukabalalika, agogo ali uku, adzukulu ali uko, nthano isimbidwa kwa yani? Nkhani ya Mbona wa ku Khulubvi ili papepala lero chifukwa akuluakulu anaifotokoza ndipo ena anailemba, monga wansembe wa ku Netherlands, Bambo Matthew Schoffeleers, amene buku lake River of Blood linatuluka mu 1992. Nanga nthano za ng'ona ndi mvuu za asodzi a ku Ndindi, nyimbo za pamtondo, mawu a nyimbo za valimba ndi utse? Tidikirenso mlendo wina adzatilembere, eti?

Wina ati sitinaphunzire kalembedwe kake. Inde, palibe anatiphunzitsa kulemba "pyonsene" kapena "mphangwa". Lembani momwe mukumvera. Tikasiyana zilembo, tidzakangana pompano pa bolodi, ndipo mkangano wotere ine ndiukonda kuposa wa Bullets ndi Wanderers.

Loweruka lino funsani agogo, azakhali kapena amalume mwambi umodzi. Lembani ndendende momwe anenera, tanthauzo lake m'Chichewa pansi pake, ndi dzina la mudzi umene mwautenga. Inu anzathu a Chilomwe, Chiyao ndi Chitumbuka, bweretsaninso zanu. Kona ikachepa tikapempha bolodi lachiwiri kwa ahedi.