ZA PAKHOMO: Kupukuta Galasi la Wailesi ya Kanema

Pamene wailesi ya kanema inayamba m'dziko muno, ku Kitwe m'caka ca 1961, inali cinthu ca m'matauni mokha. Lero lino, cifukwa ca magetsi a dzuwa, yafika ngakhale m'midzi ya Mfumu Magodi, kumpoto kwa Lundazi, kumene mlimi amaigula ndi ndalama za cimanga kapena soya zimene wakhetsera thukuta caka cathunthu. Katundu wotere sayenera kuonongeka ndi nsanza yopukutira mbale.

Mawailesi akale aja a cimimba anali ndi galasi lolimba. Atsopano opyapyalawa ali ndi nkhope yofewa, yokutidwa ndi kakhungu kosacedwa kunyuka. Sopo, spiriti, palafini ndi mankhwala otsukira mazenera zimadya kakhunguko, ndipo pepala kapena nsaru yokhakhala zimasiya zipsera zosafafanizika.

M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala fumbi limalowa paliponse, ndiye wopukuta ayambe wazima wailesi, acotse nthambo ku batire, adikire kuti izizire. Atenge kansaru kofewa, kouma ndi koyera, apukute mopepuka ngati akupukuta khanda kumaso. Pamene pali zala za ana odya nsima kapena zitosi za nchenche, anyowetse kansaruko pang'ono ndi madzi oyera, akafinye ndithu. Asawaze madzi pagalasi, pakuti amatsikira m'mphepete ndi kulowa m'kati. Kudinikiza ndi cala nako kumapha timaso tating'ono timene timapanga cithunzi.

Ngozi imagwa ndithu. Madzi akalowa, mtima umafuna kuyatsa msanga kuti munthu aone ngati ikali yamoyo. Pamenepo mpamene ambiri amaitentha. Icotsedwe ku magetsi, iikidwe pamalo ouma opita mphepo masiku angapo, osati padzuwa kapena pafupi ndi moto, kenaka ionedwe ndi mmisiri.

Ikagwa kapena kugundidwa, nkuoneka banga lakuda ngati inki yotayika, ndiye kuti yasweka m'kati. Palibe guluu kapena mankhwala amene angacize zimenezo, ndipo galasi lina kawirikawiri limadula pafupifupi ngati wailesi yatsopano. Mwini ayambe wafunsa mtengo asanalipire galimoto yopita nayo kuboma. Adziwenso kuti cikalata ca m'sitolo colonjeza kukonza mwaulere nthawi zambiri sicikhudza cinthu coswedwa pakhomo.

Amene akali ndi wailesi yakale asatsegule kumbuyo kwake: imasunga magetsi oopsa ngakhale itazimidwa.